Zipolopolo za Estele Zinkathawira Kumanzere

Mukadzakwera ku Chambe, paphiri la Mulanje, kudzera njira ya ku Likhubula, n'kuona mayi wamfupi wovala majombo ndi chipewa chobiriwira akukudutsani pachitunda, inu lilime lili panja iye akuyenda ngati ali pamsewu wa tala, dziwani kuti mwakumana ndi Estele Nakhumwa. Musadzivute kumuthamangira, simumupeza. Ingomupatsani moni, ayankha mwaulemu, mwinanso akulozerani pamene pali madzi abwino akumwa. Ndi munthu wosachuluka zokamba. Koma nkhani ya mmene anaphunzirira mfuti anthu amaipotoza kwabasi. Ena amati anakatemera mankhwala kutsidya kwa Muloza, ena amati anachita kumukondera poti ndi mzimayi. Bodza lamkunkhuniza limenelo, ndipo olifalitsawo sanafikeko n'komwe pamalo ophunzirirapo.

Estele anabadwira kumalaini a esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa phiri, nthawi imene anthu ankangoyamba kumene kunong'onezana za matipate. Agogo ake a mbali zonse ziwiri anachokera ku Mozambiki, ndipo m'nyumba mwawo mkangano ukafika pothina unkasanduka wa Chilomwe. Sukulu sinamuyanje mwanayu. Mutu unalipo, ndithu. Masamu a pakamwa ankayankha aphunzitsi asanamalize n'kufunsa komwe. Koma mumupatse pensulo, mayo ine! Zilembo zinkachita ngati papalasa nkhuku, dzanja n'kumamuwawa asanathe tsamba limodzi. Rula ya aphunzitsi inazidziwa bwino zala zake. Kusoka kunamukanika, singano inkabaya iye m'malo mwa nsalu. Makapu onse a m'nyumba anali ndi zipsera chifukwa cha iye, mpaka anzake a kumalaini anamupatsa dzina loti Nagwetsa. Analekezera Sitandade 6, ndipo anakula akukhulupirira kuti Mulungu anamupatsa manja opusa. Sankadandaula. Ankangoti aliyense ali ndi pake pamene anamanidwa.

Anathyolako tiyi ngati amayi ake, koma dengu lake linkachedwa kudzaza, akapitawo n'kumamuyang'ana ndi diso lofiira. Anakwatiwa ndi bambo wina wa geni yokatenga chimanga ku Milange panjinga. Tsiku lina bamboyo anaoloka Muloza ndi njinga yake, ndipo mpaka lero akuolokabe. Anamusiyira mwana mmodzi wamkazi, Joice. Bambo a Estele atamwalira, nyumba ya kampani anaibweza monga zimakhalira, banja lonse n'kusamukira pakamunda kawo ku Chinakanaka.

Mwayi unabwera ndi bungwe lina losamalira phiri, limene linkafuna anthu osenza mbande za mkungudza kukwera nazo ku Chambe. Amuna ena ankapita kamodzi kokha, mawa lake n'kudwala malungo abodza. Estele anapita, n'kupitanso, n'kupitanso. Kumeneko ndi kumene anatulukira kuti zimene anamanidwa m'manja anapatsidwa m'miyendo. Phiri silifunsa munthu kuti alembe dzina. Patapita zaka anamuika m'gulu la oyendera nkhalango, anthu oona moto usanakule, ochotsa misampha, otsata mapazi a ocheka matabwa. Fungo la mkungudza wongodulidwa kumene ankalimva ali patali, anzake asanamve kanthu. Ntchito imeneyi ankaikonda ndi mtima wake wonse. Kukacha ku Chambe, nkhungu ili pansi pa mapazi ake, minda ya tiyi ikuoneka ngati mphasa kumunsiko, ankamva kuti kuno kokha ndiye kulibe womutcha Nagwetsa.

Koma akuba mitengo anasintha. Kale ankati akaona yunifolomu, liwiro, kusiya sowo pomwepo. Tsopano anayamba kubwera chigulu, zikwanje ndi nkhwangwa zili m'manja, ndipo mnzake wina wa Estele anamutema pamkono. Akuluakulu a bungwe anakambirana ndi a boma, n'kugwirizana kuti oyendera nkhalango aphunzitsidwe mfuti. Anawauza mosapsatira mawu kuti wolephera kuwombera pamayeso omaliza sadzakhalanso m'gululo, ndipo kunazale malo anadzaza kale. Kwa Estele tanthauzo lake linali limodzi basi, kutsika phiri n'kukaberekanso dengu la tiyi.

Maphunziro ankachitikira pamalo ena pamene kale ankaswapo miyala, kutsogolo kuli khoma la thanthwe loti chipolopolo chosochera chikathere pomwepo. Mphunzitsi anali a Yakobo, msilikali wopuma, wamtali, wadazi, amene aliyense ankangowatchula kuti a Sajeni. Sanali munthu wolalata. Ankayankhula motsitsa moti unkachita kutchera khutu, ndipo mawu awo anali omwewomwewo m'mawa uliwonse ngati katekisimu.

"Mfuti iliyonse muziitenga kuti muli chipolopolo, ngakhale mwachotsamo ndinu nomwe. Kukamwa kwake musalozetse chinthu chimene simukufuna kuchiwononga. Chala chikhale panja, kutali ndi powombetsera, mpaka diso litaona chandamale. Ndipo mukadzayenda m'phirimo zaka zanu zonse osawombera ngakhale kamodzi, ine ndidzati ndinaphunzitsa bwino."

Masabata oyamba sanakhudze chipolopolo n'chimodzi chomwe. Kunali kuthamanga, kukwawa, kunyamula mfuti yopanda kanthu, kuimasula, kuipukuta, kuimanganso. Pothamanga Estele ankawasiya anyamata akugwira m'chiuno. Malamulo anawaloweza tsiku lomwelo. Pomasula mfuti ankachedwa, tizitsulo tikumupulumuka, koma ankafika ndithu. Anayamba kuganiza kuti mwina zitheka.

Kenaka linafika tsiku lowombera. Anagona chafufumimba pamzere ndi anzake, thako la mfuti lili paphewa lamanja monga anaphunzitsidwira. Kutsogolo kunali makatoni, iliyonse ili ndi kadontho kakuda pakati. Estele anakaona kadontho kake, anagwira mpweya, anakoka. Phaa! Atamaliza onse, mfuti atazisiya pansi zopanda kanthu, anapita kukaona. Katoni ya Estele inali yoyera ngati yongochokera m'sitolo. Koma mnyamata wa ku Phalombe amene anagona kumanzere kwake anapeza mabowo ambiri kuposa zipolopolo zimene anapatsidwa.

"Asisi, zikomo pondithandiza," anatero mnyamatayo, gulu lonse n'kufa nalo phwete.

Estele anaseka nawo modzikakamiza.

Mawa lake zomwezo. Mkuja wake zomwezo. Nthawi zonse kumanzere, ngati zipolopolozo zinali ndi abale kumeneko. A Yakobo anaitenga mfutiyo n'kuwombera okha, chipolopolo chinakalowa pakati penipeni. Anamusinthira ina, osathandiza. Anaima kumbuyo kwake, cha kuphewa lamanja, akuyang'ana chala.

"Mayi Nakhumwa, mukuiopa mfuti. Mukumakoka modzidzimuka."

"Sindikuiopa, a Sajeni."

"Tsinzinani diso lamanzere."

"Ndatsinzina."

"Womberani ndiye."

Fumbi linabuka pathanthwe, kumanzere kwa katoni.

Lachisanu lina, anthu akubalalika, a Yakobo anamuitanira pambali pansi pa mtengo wa bulugamu.

"Ndikuuzeni zoona, mayi. Pa onsewa, munthu amene ndingakonde kuyenda naye m'nkhalango ndinu. Mumamva, simupupuluma. Koma sindingapereke mfuti kwa munthu amene chipolopolo chake chimapita kumene sanachitume. Chikatuluka sichimva kuitana. Ndipo mayeso ayandikira."

"Ndamva, a Sajeni."

Estele anatembenuka n'kumapita. Mumtima ankangoti, Nagwetsa uja wandilondola mpaka kuno.

Loweruka ali ku Chinakanaka anaimbira mchimwene wake Mackson, amene amagwira ntchito yaulonda ku Joni, yemwenso anamutumizira foni yamakono imene anali nayo. Sankafuna nzeru ayi, ankangofuna pokhuthulira. Mackson anayamba waseka kaye, monga amachitira alongo, kenaka anati, "Dikirani, ndikuikeni pagulu lathu la pa Watsapu."

"Gulu lanji? Ine za miseche ya pafoni sindifuna."

"Si za miseche, achemwali. Ndi anthu a mfuti okhaokha."

Gululo dzina lake linali Chala Panja. Munali asilikali opuma, alonda a ku Joni, oteteza nyama m'nkhalango zosiyanasiyana, alimi angapo okhala ndi ziphaso za mfuti zoopsezera anyani, ndi ena ongoikonda nkhaniyo amene mfuti anangoiona pakanema. Malamulo ake anali olimba. Kugulitsana mfuti kapena zipolopolo ayi, ndale ayi, kudzijambula utaloza mfuti kukamera ayi, ndipo wophwanya ankamutulutsa tsiku lomwelo popanda mlandu kuzengedwa. Zotsalazo unali msika weniweni. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ankatha tsiku lathunthu akukangana za mafuta abwino opukutira mfuti nthawi ya dzinja. Bambo wina ankalumbira kuti analasapo nkhanga ikuuluka iye ali panjinga. Estele anawerenga mwakachetechete, bandulo ikungotha, n'kumadzifunsa ngati Mackson ali bwinobwino m'mutu.

Koma safunsa anadya phula. Lamulungu atabwerako kutchalitchi anazemberera kuseri kwa nyumba, m'nthochi, n'kujambula voisi. Anatchula dzina lake ndi kumene amagwira ntchito, n'kunena kuti zipolopolo zake zonse zimathawira kumanzere, mfuti alibe nayo mantha, ndipo akalephera mayeso phiri alisiya.

Mayankho anatuluka ngati ngumbi. Wina anati mfutiyo ndi yopindika. Wina anati pali munthu wamuchita chipongwe kuntchitoko, afufuze. Wina anati amweko kakachasu pang'ono kuti manja asanjenjemere, ndipo ameneyu gulu lonse linamuukira mpaka anapepesa. Ndiye panatulukira kamnyamata kena kamene kanalemba kuti mfuti si ya azimayi, abwerere kukhitchini. Iii, kanaputa mavu nkhomola! Panabwera voisi yaitali ya mayi wina amene anakasambitsa chokweza, modekha, osakweza mawu, mpaka kanangozimiririka.

Amenewo anali mayi Emma. Anagwira ntchito yoteteza nyama kumpoto zaka zambiri, mfuti ili paphewa, ndipo atapuma anabwerera kwawo ku Rumphi kukalima khofi. Chichewa chawo chinali ndi kafungo ka Chitumbuka, ndipo m'mavoisi awo onse munkamveka tambala. Atathana ndi kamnyamatako anatembenukira kwa Estele.

"Mng'ono wanga, zonse zanenedwazi zisiyeni kaye. Ine ndikufuna ndione nkhope yanu mukamalunjika. Tengani mpini wa khasu. Mfuti ayi, mwamva? Mpini. Foni muiike kutsogolo kwanu, muloze mpiniwo pafonipo ngati ndi chandamale, muchite zonse monga mumachitira kumaphunziroko. Mukajambula munditumizire."

Estele anatsamiritsa foni pamtondo, n'kugona chafufumimba pafumbi, mpini uli paphewa. Nkhuku zinasiya kutola n'kumamuyang'ana. Anadziona kupusa kwake, mayi wamkulu wa mwana wa kusekondale akuwombera mtondo ndi mpini, koma anajambula n'kutumiza.

Yankho silinachedwe, ndipo linayamba ndi kuseka.

"Aa, mayi, nkhani yake ndi imeneyi basi? Taonerani nokha vidiyoyo. Mukamati mwatsinzina lamanzere, silikutsekeka. Likusiya kampata, ndipo limene likufinyika ndi lamanja. Taonaninso mutu wanuwo, ukuwerama kudutsa mpini kuti ufikitse diso lamanzerelo. Mfuti ili kumanja, woyendetsa ali kumanzere. Nanga chipolopolo chalakwa chiyani?"

Estele anaonera. Zinalidi choncho. Diso lamanzere linali pamenepo, likusuzumira ngati mwana wobisala kuseri kwa chitseko.

Mayi Emma anamuuza ayesenso china. Atambasule manja onse awiri, apange kabowo pakati pa zikhatho, ayang'anire pamenepo chinthu chakutali maso onse ali otsegula, kenaka abweretse manjawo kunkhope pang'onopang'ono osachitaya chinthucho. Estele anasankha papaya wina wakupsa pamtengo wa aneba. Anabweza manja. Kabowo kanafikira pa diso lamanzere. Anayesanso, kuganiza kuti walakwitsa, kanafikiranso pomwepo.

"Munthu aliyense ali ndi diso limene limatsogolera linzake," anatero mayi Emma. "Lanu ndi lamanzere. Si matenda, si ufiti. Koma ndifunseko, kodi inu simunabadwe wamanzere? Sikuti zimayenderana nthawi zonse, koma kafunseni amene anakuyamwitsani."

Amayi ake a Estele anali pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha nandolo.

"Amayi, kodi ine ndinabadwa wamanzere?"

Sanadzidzimuke n'komwe. "Wakuuza ndani?"

"Mayi wina wa ku Rumphi."

"Wa ku Rumphi akudziwa bwanji za m'nyumba mwanga?" Anapeta nandoloyo, n'kuuzira mankhusu. "Inde, unabadwa choncho. Chikho lamanzere, chakudya lamanzere. Alendo akakupatsa kanthu iwe kutambasula lamanzere, manyazi ake! Akazi a akapitawo anachita kundiitanira pambali. Ndiye ndinalimanga ndi kansalu m'chiuno mwakomo, m'mawa uliwonse, mpaka linaiwala. Unalira, koma unawongoka. Nanga ndikanakusiya uzipisa dzanja la kuchimbudzi m'mbale ya anthu? Akanakukwatira ndani?"

Estele anafuna kufunsa kuti wokwatirayo ali kuti lero, koma anameza. Anabwerera m'nthochi muja n'kukhala pansi. Anakumbukira rula ija, singano zija, makapu aja. Mtima unamuwawa kwambiri, osati chifukwa cha kansaluko, poti sankakakumbukira n'komwe, koma chifukwa cha zaka zonse zimene anakhala akudzinyoza yekha. Anatola kamtengo ndi dzanja lamanzere n'kulemba dzina lake pafumbi. Zilembo zinatuluka zokhotakhota ngati za mwana wa Sitandade 1. Koma dzanjalo silinawawe.

Atawafotokozera mayi Emma, iwo anangoti, "Pepani, mng'ono wanga, ambiri zinawachitikira. Tsopano mverani. Musayese chilichonse panokha. Mawa mukawauze aphunzitsi anu. Ife ndife a pafoni chabe, iwo ndi amene ali nanu pamzere."

Lolemba m'mawa Estele anawapeza a Yakobo akukonza makatoni, n'kuwafotokozera zimene mayi Emma anamuuza pagulu lija.

"Za pa Watsapu?" anatero, nkhope itachita tsinya. "Ndiye kuti zaka zanga zonse zija kuusilikali zaposedwa ndi foni?"

"Ayi, a Sajeni. Tangoonani basi."

Anaonera vidiyoyo, n'kuibwerezanso. Anavula chipewa, kukanda padazi. Kenaka anamuuza apange kabowo kaja iwo ataima kutsogolo kwake, ndipo anaona okha diso limene linawayang'ana.

"Ine ndimaima kumbuyo kwanu, cha kumanja," anatero pang'onopang'ono. "Kutsogolo kwa mfuti sikuima munthu. Diso limeneli ndikanaliona liti?" Anavalanso chipewa. "Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa. Mayi ameneyo mukamuthokoze."

Koma kudziwa nthenda si kuchira. Anayesa kaye kuphimba diso lamanzere ndi kansalu kuti Estele apitirize kumanja. Lamanja linkaona ngati muli utsi, kadontho kaja kakusambira. Komanso ndani angayende m'matanthwe a Chambe diso limodzi lili lomanga? Panatsala njira imodzi, kusamutsira mfuti kuphewa lamanzere.

"Ndikuchenjezeni," anatero a Yakobo. "Mfuti zathuzi anapangira anthu amanja. Kachitsulo kokokera chipolopolo chatsopano kali kumanja, inu muzichita kukafikira modutsa pamwamba. Pamayeso pali nthawi, wezulo ikalira basi kwatha. Zonse zimene thupi lanu lazolowera muyambirenso, pamene anzanu akungopukuta. Mukwanitsa?"

"Kuphiri ndiye sindikufuna kuchokako, a Sajeni."

Kuyambira tsiku limenelo, masana anzake akamadya n'kumagona pamthunzi, Estele ankagona pamzere ndi mfuti yopanda kanthu, a Yakobo atakhala pamwala pambali pake, ulendo uno cha kumanzere. Kwezani, lunjikani, kokani, fikirani kachitsulo, bwezani. Dzanja lamanzere linali laulesi ngati munthu wodzutsidwa kutulo, linkafika mochedwa, nthawi zina n'kuphonya. Musaganize kuti zinangoti gwa tsiku limodzi ngati m'nthano. Panali masana ena amene Estele anafuna kuiponya pansi mfutiyo, ndipo chinamuletsa ndi malamulo aja basi.

Ku Chala Panja nkhaniyo inasanduka ya aliyense. Mlonda wina wa ku Joni, wamanzere mnzake, anatumiza vidiyo yoonetsa mmene iye amapendeketsera mfuti pang'ono kuti dzanja lifike msanga pakachitsulo. Estele anawaonetsa a Yakobo, iwo anayesa okha kaye, n'kuvomereza. Madzulo aliwonse pankapezeka wofunsa kuti za ku Mulanje zili bwanji lero. Ngakhale bambo wa nkhanga uja anasiya kaye zodzitama n'kumalangiza za kapumidwe, ndipo zodabwitsa, malangizo ake anali abwino. Anthu amene sanamuonepo, ena sadziwa n'komwe kuti Chambe ili mbali iti, ankamudera nkhawa ngati mbale wawo. Zimenezi zinkamukhudza Estele, ndipo sankadziwa kuti awathokoze bwanji.

Tsiku loyamba kuwombera chipolopolo chenicheni kuchokera kumanzere, bowo linapezeka m'mphepete mwa katoni. Katoni yake, osati ya munthu wina. Mnyamata wa ku Phalombe uja anadandaula kuti waganyu wake wamuthawa. Phewa lamanzere linatupa, linada, kenaka linazolowera.

Tsiku la mayeso kunacha ndi chiperoni. Kamvula kowaza kankangogwa, makatoni osaoneka, ndipo anthu anadikira mpaka nkhungu itakwera kuphiri. Akuluakulu a bungwe anabwera, anaima kumbuyo ndi maambulera awo. Estele atagona pamzere n'kuika mfuti kuphewa lamanzere, mmodzi wa iwo ananong'oneza a Yakobo, akuloza.

"Malamulo satchula phewa, bwana," anayankha a Yakobo. "Amatchula katoni."

Wezulo inalira. Estele anatsamiritsa tsaya pamfuti, ndipo diso lamanzere linakhala pamalo pake popanda kuba. Kadontho kakuda kanaima phee. Chala chinali panja, kenaka chinalowa. Phaa! Anafikira kachitsulo, anakoka, anabweza, analunjikanso. Sanapupulume. Kumanja ndi kumanzere kwake mfuti zinayamba kukhala chete imodziimodzi, anzake atamaliza, mpaka inatsala yake yokha ikulira pathanthwepo. Ankadziwa kuti a Yakobo wezulo aikweza kale kukamwa. Anapuma, anagwira mpweya, anakoka chomaliza. Wezulo inalira phokoso lisanathe m'makutu.

Anatsegula mfuti, anaonetsa kuti mulibe kanthu, anaisiya pansi. Kenaka Estele anayenda ndi anzake kupita kumakatoni. Mabowo sanali pakati penipeni ayi. Anali m'munsi pang'ono mwa kadontho. Koma onse anali pakatoni yake, moyandikana, moti chikhatho chimodzi chikanawaphimba. A Yakobo anawagwira limodzilimodzi ndi chala, osafulumira.

"Mwakhoza, mayi Nakhumwa. Mubwerera kuphiri."

Sanali woyamba pagululo, ngakhale wachiwiri. Koma anakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira mokweza, akuluakulu a maambulera akuona, ndipo manyazi sanawamve. Madzulo ake anatumiza chithunzi cha katoniyo ku Chala Panja. Mayi Emma anayankha ndi nthungululu yaitali, tambala akuthandizira. Mackson anayamba kuuza aliyense kuti ndi magazi amodzi, ngati kuti anawombera ndi iye.

Asanakwere ku Chambe anadzera ku Chinakanaka kukatenga bulangete ndi kutsanzika. Anapeza amayi ake pakhonde, mulu wa chinangwa uli patsogolo, akusenda cha makaka. Estele anagwada pambali n'kuwauza kuti wakhoza, ntchito yake ilipobe.

Amayiwo anapitiriza kusenda. "Unawombera ndi liti?"

"Lamanzere."

"Linalasa?"

"Linalasa, amayi."

"Hm. Bola usakadyere nalo pagulu."

Estele anaseka, n'kudzuka kuti akalowe m'nyumba. Koma amayi ake anamugwira chitenje. Anasuzumira kumsewu, uku ndi uku, kuona ngati kukubwera munthu. Kenaka anasamutsa mpeni kuchoka kudzanja lamanja kupita kulamanzere, n'kutola chinangwa china. Mpeni unayenda ngati ukudziwa njira, khungu n'kusendeka lonse kamodzi, chinangwa kugwera m'beseni choyera mbee. Anatolanso china, chimodzimodzi. Estele chibadwire anali asanawaonepo akusenda mwachangu chotero.

"Ine anandimanga ku Milange, ndili kamwana," anatero osamuyang'ana. "Ndi chingwe cha khonje, mpaka kutuluka magazi. Ndikakhala ndekha kumunda ndimaligwiritsabe, bambo ako anamwalira osadziwa. Iwe ndinakumanga ndi nsalu, mwanaka. Ndinkati nsalu siwawa."

Kumsewu kunalira belu la njinga, munthu wina akupereka moni. Amayiwo anabweza mpeni kumanja msangamsanga, n'kuyankha moniyo mokweza ngati palibe chachitika. Estele analowa m'nyumba. Anatuluka ndi mpeni wina, anakhala pansi pambali pawo, n'kuyamba kusenda nawo. Minibasi ya ku Likhubula inamusiya tsiku limenelo. Ku Chambe anakwera mawa lake.